Chigoba Chimene Amayi Anayanika Padzuwa

Matundo, Tete
Outubro, 2024

Okondedwa mana Jacinta,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu akulu anga, pamodzi ndi alamu a Carlos ndi ana kumeneko ku Mualadzi. Kodi bondo la alamu lija linatupa atagwa pa njinga linaphwa? Nanga Albina chifuwa chinamusiya? Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Chatisautsa ndi kutentha kokha. Mwezi uno ku Tete ngakhale galu sayenda masana.

Nkhani imene ndili nayo ndikanakuuzani pa telefoni, koma kwanuko munthu kuti amve bwino mpaka akwere pachulu. Komanso amayi ali m'nyumba muno, ndipo makutu awo mukuwadziwa. Ukanong'onera kuchipinda iwo amayankha ali kuseri kwa nyumba. Ndiye ndaona kuti ndilembe, ndipatsire a Júlio oyendetsa chapa, minibasi ija ya ku Cassacatiza. Muwerenge mutakhala pansi.

Choyamba, mwana wanu Lusiya akukula bwino. Mchombo unagwa popanda vuto, akuyamwa ngati wolipidwa, ndipo masaya ayamba kudzaza. Mphuno watenga ya bambo ake, koma mkwiyo ndi wa kwathu. Chibwerere amayi kudzandithandiza, ine sindinanyamuleko ndowa. Amusambitsa, amubereka, amuimbira nyimbo zija ankatiimbira ife. Ndikanakhala ndekha sindikudziwa kuti ndikanatani, chifukwa masiku oyamba ndinkaopa ngakhale kumugwira khosi.

Tsopano ndikufotokozereni za ntchito ya alamu anu a Celso, poti popanda kuidziwa simungamve zimene zinachitika. Chipinda chakutsogolo anachisandutsa malo a masewera. Muli makomputadoro awiri amene anamanga okha, ndipo iliyonse ili ndi chinthu chovala kumaso cholumikizidwa ndi nthambo yaitali. Kuno amati okulosi. Ukachivala suonanso nyumba, umaona kuti uli kwina: pamwamba pa phiri, m'galimoto yothamanga, kaya pansi pa nyanja. Ukatembenuza mutu, dzikolo limatembenuka nawe. Ana a sukulu amabwera madzulo, ndipo Loweruka ndi Lamulungu amadzaza anyamata ogwira ntchito ku malasha ku Moatize. Amuna a ndevu zawo amakuwa ngati ana, kumenya mphepo, kubwerera m'mbuyo pothawa chinthu chimene ife sitikuchiona. Chipinda chimenechi ndiwo munda wathu, tikudya kuchokera m'menemo.

Amayi atawaona koyamba anthu ovala zinthuzo anatembenukira kukhoma. Anati zikufanana ndi zakudambwe zimene ife akazi sitizitchula. Atazolowera anazipatsa dzina lakuti zigoba, ndipo m'nyumba muno dzina ndi lomwelo mpaka lero.

A Celso amati zigobazi anazipangira maiko ozizira, kumene fumbi kulibe ndiponso anthu satuluka thukuta. Kuno zikuona zakuda. Lamba wa chimodzi anaduka mwezi woyamba. Nthambo zimapotana anthu akamazungulira, ndiye anazimangirira kudenga kuti zisamapondedwe. Mkulu wina wa ku Moatize anamenya khoma ndi chogwirira m'manja pomenyana ndi chilombo, chogwiriracho chinang'aluka, iye chala chinatupa, koma anapempha kuti ayambirenso. China chinagwa kuchokera patebulo n'kung'ambika pamphumi, tinachimata, chikugwirabe ntchito. Tinafika poyamba kuzitama kuti ndi zolimba kuposa mmene zimaonekera.

Choipa kwambiri ndi siponji yokhudza kumaso. Imamwa thukuta la anthu onse, ndipo pofika Lamulungu madzulo fungo lake limakulonjera uli pakhomo. Amayi ndi fungo simungawaike pamodzi. Anadula nsalu yanga yakale ya kapulana n'kusoka timatumba tovekera pa siponjipo, toti tizichapidwa. Lamba woduka uja anamusokanso ndi ulusi wa thumba la feteleza, ndipo ndi wolimba kuposa wa kufakitale. A Celso anasangalala kwambiri, koma kuthokoza kwake anathokozera kwa Lusiya.

Inde, kwa Lusiya. Mukukumbukira kuti pa nthawi ya ukwati wathu atsibweni a Simão anakayika, amvekere mnyamata wokulira m'tauni wopanda makolo mwambo angaudziwire kuti. Mawu amenewo a Celso anawasunga mumtima. Chifikire amayi kuno, ulemu umene akuwapatsa wapitirira ngakhale wa akamwini a kumudzi. Sakhala nawo chipinda chimodzi, sawayang'ana kumaso, sawalankhula. Akamva mapazi awo pakhonde amatulukira khomo lakutsogolo n'kuzungulira nyumba. Nyumba yake ndi yaing'ono, ndiye tsiku lonse amangozembana ngati ana ochita chibisalirano. Akafuna kunena kanthu amauza khandalo mokweza kuti liuze agogo ake, amayinso amayankha pouza khandalo kuti liuze bambo ake. Lusiya sanayambe n'kuseka komwe, koma ndiye mthenga wa nyumba ino.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lolemba lina m'mawa ine ndinapita kumsika, a Celso anapita kukagula magetsi. Amayi analowa m'chipinda cha masewera kukasesa, ndipo fungo la dzulo lake linawakwana. Anachapa timatumba tija, n'kuona kuti siponji yamkati ndi yonyowabe. Ndiye anachita chimene mkazi aliyense wa ku Mualadzi akanachita. Anazula nthambo bwinobwino, n'kutenga zigoba zonse ziwiri kukaziika pathandala pamodzi ndi mbale, kuti dzuwa lizilowe.

Mana, chimene amayi sankadziwa, ndipo inenso ndinali ndisanachimvetse, ndi chakuti zinthuzi zimapirira kugwa, fumbi ndi nkhonya, koma dzuwa ayi. Mkati mwake muli magalasi awiri okhuthala, ndipo kuseri kwa magalasiwo kuli kagalasi koonetsa zithunzi konga ka telefoni. Mukukumbukira galasi lija aphunzitsi ankayatsira pepala pabwalo la sukulu? Ndi zomwezo. Dzuwa likalowa, magalasiwo amalisonkhanitsa malo amodzi n'kuwotcha mkatimo.

A Celso pobwera anasuzumira kuseri n'kuona zigoba zili pathandala. Anafuna kuthamangira pomwepo. Koma amayi anali atakhala pafupi ndi thandalalo, akusambitsa mwana m'beseni, bulauzi atavula chifukwa cha kutentha, atangomanga kapulana pachifuwa. Mkamwini angafike bwanji pamenepo? Anabisala pangodya ya nyumba, anatsokomola, n'kuuza Lusiya kuti auze agogo ake kuti zinthuzo zimaopa dzuwa.

Amayi anauza Lusiya kuti auze bambo ake kuti chinthu choopa dzuwa ndi nsikidzi zokha.

A Celso anauzanso Lusiya kuti apemphe agogo ake, chonde, azilowetse m'nyumba msanga, zingaonongeke. Amayi anati Lusiya awauze bambo ake asade nkhawa, iwo anayamba kuyanika zinthu bambo akewo asanabadwe, ndipo zikauma azilowetsa okha. Apo n'kuti mthengayo akukuwa m'beseni, sopo atamulowa m'maso.

Mukudziwa chimene anachita alamu anu? M'malo moponya ngakhale thumba pathandalapo, anathamanga mpaka kumsika kudzanditenga ine. Ndinangoona munthu akubwera wefuwefu pakati pa ogulitsa tomato, patapata mmodzi ali m'manja. Ndinaganiza kuti mwana wachita ngozi. Atandiuza, tinathamanga tonse, ine matemba akutayika m'njira.

Chimodzi tinachipeza chili chafufumimba, ndipo chinapulumuka. Chinacho chinali chagada, magalasi akuyang'ana kumwamba. Atachilumikiza, diso lamanzere linali ndi banga lakuda, m'mbali mwake mofiirira, ngati pamene ndudu yawotcha nsalu. Ukayang'ana uku limapita nawe, ukayang'ana uko limapita nawe. Silipukutika. A Celso anafunsa anzawo okonza matelefoni, onse anati chosinthira mkatimo ku Tete kulibe. A Celso anachizula n'kuchiika patebulo. Kenako anandiuza kuti amayi asamve, ndipo masana anadya bwinobwino kuti asadabwe.

Koma amayi abisireni chiyani. Mawa lake mnyamata wina posewera anadandaula kuti m'diso lamanzere muli ntchentche yosachoka. Ine ndinamuyankha motsitsa mawu kuti si ntchentche, ndi dzuwa linawotcha. Nditatembenuka, amayi anali pakhomo ndi tsache m'manja.

Tsiku limenelo sanadye. Anandiitanira kuseri n'kundifunsa ngati chikonzeka. Ndinalephera kunama. Anati basi, iwo atentha munda wa mkamwini. Anati anabwera kudzalera mdzukulu, koma achotsa chakudya pakamwa pa mdzukuluyo, ndipo mkazi wotere sayenera kukhala pakhomo pa eni. Anamanga katundu wawo m'kapulana, n'kutuma uthenga kwa a Júlio kuti Lachinayi adzawatenge. Ananenetsa kuti ku Tete sadzapondakonso.

Apa kuseka kunandithera. Inu mukuwadziwa amayi kuti mawu awo sabweza. Kwa azakhali ku Nsadzo sanapiteko chiyambire mkangano wa malire a munda uja, ndipo ndi kale. Ndinaona kuti akakwera chapa imeneyo ndi manyazi amenewo, Lusiya adzakula akungomva kuti ali ndi agogo. Ndinawachonderera, ndinalira, ndinawauza kuti madzi akatayika saoleka. Anati n'chifukwa chake wotaya madziwo ayenera kuchoka pachitsime. Ndinawauza kuti a Celso alibe nawo chifukwa. Anati zimenezo ndikunena ndine, mwamuna akapsa mtima sauza mkazi wake wobereka kumene. Ndipo zoona, mawu anga sakanakwanira. Ankafunika kumva kwa mwini wake, koma mwini wakeyo ndiye wosawalankhula.

Lachinayi m'mawa mtolo unali pakhomo, amayi atavala nsapato zawo za ku tchalitchi. A Celso anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndiwapemphe amayi, asananyamuke, aone ndi maso awo chimene chinaonongeka. Ndinadabwa, ndinaona ngati n'kuthira mchere pabala. Koma amayi anavomera msanga. Anati wotentha munda ayenera kuona phulusa lake.

Ndinawakhazika pampando m'chipinda cha masewera, ndinawaveka chigoba chopsacho pamwamba pa duku, n'kumanga lamba amene anasoka okha. A Celso anayatsa komputadoro ali kukhomo, n'kuwaikira za pansi pa nyanja, zopanda zilombo, nsomba zokhazokha. Amayi anagwira mpando ndi manja awiri. Anati akuliona bangalo. Anati ndi lalikulu.

Pamenepo ndinaona a Celso akulowa. Anavula patapata, anayenda mpaka pafupi ndi mpandowo, anagwada, anaomba m'manja, n'kuwapatsa moni amayi. Osati kudzera kwa Lusiya, iye anali mtulo kumsana kwanga. Anawapatsa moni iwo eni ake, n'kuwatchula kuti amayi.

Ine ndinagwira pakamwa. Ndinaganiza kuti amayi avula chigobacho n'kuthawa. Koma maso awo anali ophimbika, mkamwini samuona, iyenso nkhope yawo saiona. Ndiye anayankha moniwo.

A Celso analankhula zimene ngakhale ine anali asanandiuzepo. Anati mayi awo anamwalira iwo ali aang'ono, ndipo chiyambire pamenepo panalibe munthu amene anatolapo chinthu chawo chonyowa n'kukachiyanika osapemphedwa. Anati tsiku lija pangodya ya nyumba anachita mantha, zoona, koma usiku wake anagona akuganiza kuti tsopano ali ndi munthu wowayanikira zinthu. Anati ndi banga angathe kukhala nalo, anyamata azolowera, koma nyumba yopanda mayi anakhalamo kale ndipo sakuifunanso. Anawapempha kuti asapite.

Amayi misozi inatulukira pansi pa chigoba n'kutsikira kuchibwano. Inenso ndinali kulira. Koma mukuwadziwa, sakanangovomera. Anayamba kuwakalipira. Anawafunsa kuti mwamuna wamkulu ngati iwo analephera bwanji kukuwa, kapena kugenda thandalalo ndi mwala. Anati ulemu ndi wabwino, koma nyumba ikamapsa mkamwini satuma khanda. Anati akanawatukwana tsiku lomwelo zikanakhala bwino kuposa kuwasiya atenthe chinthu. A Celso ankangovomera ali chogwada, koma ndinaona mapewa awo akugwedezeka ndi kuseka.

Akalipira choncho, m'nyanjamo munatulukira chinsomba chachikulu chimene chimadutsa pamwamba pa munthu. Amayi anakuwa mayo, anabisa mutu, n'kutambasula dzanja kufuna chogwira. Chimene anagwira ndi mkono wa mkamwini wawo. Anaukakamira ndithu mpaka chinsombacho chitadutsa, akufunsa ngati chimadya anthu, a Celso akuwatsimikizira kuti chimadya tizinsomba. Atazindikira chimene agwira, anausiya ngati wotentha, n'kunena kuti ankayesa ndi mwendo wa tebulo.

Nthawi yomweyo chapa inaimba hutala panja. Palibe anasuntha. Inaimbanso. Amayi anakonza duku lawo pansi pa lamba, n'kuuza a Celso kuti apite akawauze a Júlio azipita, iwo sanamalize kuona nsomba.

Mana, chisangalalo chimene ndinali nacho tsiku limenelo sindingathe kuchilemba. Ndinapha nkhuku ya Lamulungu Lachinayi lomwelo.

Chigoba chopsacho chikugwirabe ntchito. Anyamata achipatsa dzina lakuti cha vovo, kutanthauza cha agogo, ndipo ena amachita kuchisankha, amati wopambana atavala chimenecho ndiye katswiri weniweni. Ena amachikana, amadikira chinacho, ndiye Loweruka mzere umatalika ndipo pali amene amabwerera. Tikudya mocheperako, koma tikudya. Amayi asoka zivundikiro zakuda zovekera zigoba zonse zikakhala pakhoma, ndipo zenera la chipindacho aikapo nsalu yokhuthala. Tsopano ndiwo mlonda wa dzuwa. Mwana wina anangoyandikira pazenera chigoba chili m'manja, anamuthamangitsa ndi tsache.

Koma vuto latsopano ndi ili. Akavula chigoba, zonse zimabwerera mwakale: kuzembana, kuzungulira nyumba, kutuma Lusiya. Ndiye amayi apeza njira yawo. Akakhala ndi nkhani ndi mkamwini, amalowa m'chipinda cha masewera anthu asanabwere, amatenga cha vovo chosalumikiza n'komwe, amachivala, n'kukhala pampando kuitana a Celso. Amacheza mumdima womwewo. Amawafunsa za malemu mayi awo, amawalangiza za denga lodontha, amawauza mmene ine ndinalili wamakani ndili mwana. Dzulo ndinawapeza akukangana za mbewu ya chimanga, amayi akuloza khoma poganiza kuti akuloza a Celso. Akamavula amakhala thukuta lili kamukamu, pamphumi pali mzere. Ndimaseka, koma ndimawamveranso chisoni ndi kutentha kuno.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa atsibweni a Simão mukawafotokozere zonsezi, musabise kanthu, ngakhale za mwendo wa tebulo. Muwapemphe kuti avomere uchitike mwambo uja wakuti mkamwini apereke nkhuku kwa apongozi pamaso pa akuluakulu, kuti ayambe kulankhulana ndi kudyera pamodzi momasuka. Mwana wabadwa kale, ndiye sindikuona chotsekereza. Amayi paokha sanganene, koma nditawafunsa sanakane, anangoti zimenezo ndi za alongo awo. Atsibweni akavomera, ife tidzabwera tonse pa Natale, nthawi ya Khirisimasi, nkhuku tidzagula yoyera bwino ku Mualadzi komweko. Mukawakumbutsenso mwaulemu kuti mnyamata wopanda mwambo uja anataya chigoba chifukwa chosunga mwambo.

Chimene chandikakamiza kulemba msanga ndi mawu amene a Celso anandiuza posachedwapa. Ndinawaseka kuti akufuniranji nkhuku pamene akucheza kale ndi apongozi awo. Anandiyankha kuti mawu a amayi akuwadziwa tsopano, mapazi awonso amawadziwa kuyambira tsiku la ukwati, koma akanakumana nawo pamsika masana sakanawazindikira. Akufuna aone nkhope ya munthu amene amamutcha amayi.

Mundiperekere moni kwa alamu a Carlos, muwauze asiye kuthamangitsa njinga pamchenga. Moni kwa Albina ndi Flávio, mayi awo aang'ono akuwasowa. Moni kwa atsibweni ndi akazi awo, kwa azakhali ku Nsadzo mukapeza wopitako, ndi kwa anansi onse ofunsa za ife. Amayi akupereka moni kwa nonse, akuti mbewu yawo ili m'chitini chapadenga musaibwereketse. A Celso akupereka moni mwaulemu. Lusiya akanapereka wake, koma ntchito ya uthenga yamutopetsa, wagona.

Tsalani ndi mtendere mpaka tionane maso ndi maso.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Yolanda